Sitolo Ikuitana Anthu, Mwini Wake Akuliza Mkonono

Khalani pansi nonsenu, ndipo mafoniwo agone chafufumimba pamphasapo mpaka nditamaliza. Iwe Naphiri, mkazi mnzanga, sendera kuno kufupi, chifukwa mwini nkhaniyi ndiwe. Enanu mumvere limodzi, matenda anu ndi amodzimodzi.

Ndamva kuti masiku ano uli ndi sitolo yoitana anthu iwe uli m'tulo. Akuti Lamulungu madzulo umakhala pampando, mwendo pamwamba pa unzake, n'kulemberatu mawu onse amene udzauze makasitomala sabata yonse, pena mwezi wathunthu. Ukatero umawasiyira makina kuti azikutulutsira limodzilimodzi: Lolemba 7 koloko m'mawa nsapato, Lachitatu masana zikwama, Lachisanu madzulo madiresi a kuukwati. Iwe n'kukoka bulangete. Ine ndinakhala pabenchi mumsika wa Limbe kuyambira nthawi ya Kamuzu mpaka pamene mawondo anandikana. Ndinaonamo ogulitsa atakwiya, ogulitsa akunjenjemera ndi malungo, ngakhale ogulitsa atalawa kachasu m'mamawa. Koma wogulitsa akuliza mkonono ndamuonera m'nyumba mwanga muno, ndipo ndi magazi anga.

Musandiyang'ane choncho, mukuyesa nkhalambayi sidziwa kanthu? Ndinafufuza, ndipo amalume anu a ku Britain ndinawafunsa mpaka anatopa nane. Facebook anaiyambitsa ndi Mark Zuckerberg mu 2004, ali mwana wasukulu ku Harvard, iwe Naphiri ukadali kumsana. Mu 2012 anagula Instagram, mu 2014 n'kugulanso WhatsApp, ndipo mu 2021 kampani yonseyo anaitcha Meta. Ndiye ukamadzitama kuti katundu wako ali m'misika itatu, dziwa kuti landilodi ndi mmodzi. Chimene umatsegula Lamulungu chija ndi Meta Business Suite, chaulere, chokhala ndi kalendala: umaika chithunzi, umalemba mawu, umasankha tsiku ndi ola, basi. Nzeru yake si ya dzulo ayi. Hootsuite inayamba mu 2008 ku Vancouver, Buffer mu 2010 ku Birmingham, ndipo ntchito yawo inali yomweyi, yosungira anthu mawu kuti adzatuluke mawa. Ngakhale a TikTok, anthu amene sitiwadziwa ndi khalidwe lodziletsa, poyambitsa zimenezi anaika malire a masiku 10. Iwe ukuti mwezi.

Kukonzeratu zinthu sindidana nako, musakandinamizire kunjaku. M'dziko lino magetsi sapangana ndi munthu. Mukukumbukira mu 2022, namondwe Ana atawononga damu la ku Kapichira, mmene tinkatandalira ndi mdima mpaka kugona nawo. Uthenga woikiratu sudikira foni yako. Umakhala m'makompyuta awo kunja uko, ndipo ola likakwana umatuluka ngakhale batire lako litafa dzulo. Bandulo ya usiku imakhala yotsikirako mtengo, ndiye n'zomveka kukweza zithunzi zonse usiku umodzi. Komanso ambiri a inu geniyi ndi yapambali: wina ndi namwino, wina ndi mphunzitsi, wina amakhala pa kauntala kubanki, ndipo namwino sangasiye wodwala pabedi kuti akaposite makeke. Zonsezo ndikuzimva.

Koma musamayende modzikweza ngati kalendala munaitulukira ndinu. Ife tinali nayo m'mutu, yosafuna kutchaja. Tinkadziwa kuti malipiro a m'boma akatuluka kumapeto kwa mwezi msika umadzaza masiku ochepa okha, pakati pa mwezi anthu n'kubwerera ku bonya ndi chisoso, ndipo woyala katundu wodula nthawi imeneyo amangodyetsa ntchentche. Tinkadziwa kuti msika wa fodya ukatsegulidwa cha mu Epulo, ku Limbe konkuno ndi ku Kanengo, alimi amafuna njinga, malata ndi wailesi. Juni asanafike majuzi ndi mabulangete akhale atapachikidwa kale, chifukwa chiperoni sichiodira. Chilimwe ndi cha zinkhoswe ndi maukwati: masuti, mbale, mapoto. Sukulu zikamatsegulira, mayunifolomu, nsapato zakuda ndi makope. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, chitenje chimayenda chokha, ndipo wopita kukapikula pa 14 wachedwa kale. Mitambo ikayamba kuda mu Novembala, maambulera ndi majombo. Zimenezo lemberatu, Naphiri, sindikuletsa. Juni sasintha maganizo.

Mtengo ndiye umasintha maganizo, ndipo kuno kwathu umasintha usanamalize kumwa tiyi. Mu Meyi 2022 kwacha anaichepetsa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 anaigwetsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka cha pa K1,180 kufika pa K1,700. Ogulitsa amaso kutacha anayamba ndi kufufuta mitengo asanasese n'komwe pakhomo. Makina ako nkhani za pawailesi samvera. Amapitiriza kulengeza mwansangala mtengo umene unalemba masabata awiri apitawo, pamene katundu wakoyo umakamutenga ku Dar es Salaam ndi ku Joni, kumene kwacha saidziwa. Ndiye usankhepo: ugulitse pa mtengo wakalewo mpamba ulowe pansi, kapena umuuze munthu amene wakwera minibasi kuchokera ku Bangwe kuti zimene wawerenga m'mawa womwe uno pa peji yako si zoona. Paja amati mawu a akulu akoma akagonera. Mawu a akulu, Naphiri. Sananene mitengo ya nsapato.

Nanga kaunjika? Belo ukalitsegula, diresi lofiira lija limakhala limodzi, lilibe mng'ono wake. Unalijambula Lamulungu n'kuliika kuti lidzatuluke Lachinayi. Lachiwiri mnzako wa kukwaya wabwera kunyumba, waliyesa, lamukhala, walipira pa Airtel Money, wapita nalo. Lachinayi ola litakwana, makina aja, okhulupirika kuposa mwini wawo, akuliika poyera: lafika kumene, fulumirani. Azimayi asanu akulilimbirana. Iwe wayamba zija zakuti latha posachedwapa koma pali lina lofananako. Wogulitsa wotero kumsika tinali ndi dzina lomutchula, koma pano pali ana. Ndipo kutsatsa chinthu chimene ulibe, kapena pa mtengo umene sukugulitsira, si nkhani ya manyazi okha. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a mtundu womwewu.

Usaganize kuti zoterezi zimagwera ochepa mpamba okha. Ku Britain kuli kampani ya Tesco, ya masitolo zikwizikwi. Mu Januwale 2013 zinadziwika kuti m'mabaga ena amene inkagulitsa ngati a nyama ya ng'ombe munali nyama ya hatchi, ndipo kwa anthu a kumeneko hatchi si ndiwo. Anthu ali mkati mokwiya, usiku wina pa Twitter ya kampaniyo panatuluka uthenga wanthabwala wotsanzika makasitomala, wakuti tulo tatipeza, tikukadziponya pa udzu. Udzu womwe uja amadyetsa mahatchi. Anthu anati awa akutitonza. Kampaniyo inapepesa n'kunena kuti uthengawo unali utaikidwiratu iwo asanadziwe za nkhaniyo. Anthu ophunzira, olandira malipiro, okhala m'maofesi ofunda, anagwa chagada chotero. Iwe wa bandulo ya tsiku limodzi ndiwe yani?

Mwaseka, chabwino. Izi zikubwerazi ndisamve mano a munthu.

Kwathu kuno maliro akagwa, pamsewu amaikapo masamba. Wapanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, wawailesi amatsitsa mawu, abambo amavula chipewa. Mnzathu wa mumsika akatisiya, mzere wake wonse tinkavundikira malonda n'kupita kusiwa, tomato aole ngati akuola. Palibe ankatilembera lamulo. Munthu umaona wekha kuti lero si tsiku loitanira malonda. Makina masamba a pamsewu sawaona. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anagumula phiri la Soche, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, boma n'kulengeza masiku 14 olira. Pa Facebook anthu ankaika zithunzi za abale awo, kufunsa ngati alipo wawaona. Tsopano taganiza kuti pakati pa zithunzi zimenezo patulukire uthenga wako wa tinkhope toseka, wofunsa anthu ngati akonzeka kutchena pa wikendi. Pa 10 Juni 2024 ndege imene munali wachiwiri kwa pulezidenti, a Saulos Chilima, ndi anthu ena 8 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa, dziko n'kulira masiku 21. Tsiku lotero silipezeka pa kalendala ya munthu aliyense. Ndipo si maliro a dziko okha. Mawa zovuta zikhoza kugwa pakhomo loyandikana nalo ili, iwe uli pamoto kuphika nsima ya adzukulu a kumanda, maso atafiira ndi utsi, peji yako ikuimba nthungululu kuti mawigi atsika mtengo. Anamfedwa nawonso ali ndi mafoni. Sadzati ndi makina. Adzati mdzukulu wa a Nasibeko alibe umunthu, ndipo dzina lodetsedwa pamenepo ndi langa.

Makolo anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Inu mlomo mumausiya dala, n'kuupatsanso wotchi. Wailesi ya MBC nayonso malonda inkawajambuliratu, koma mu situdiyo munkakhala munthu wamoyo, ndipo dziko likagwa m'chisoni ankaika nyimbo zoyenera, malondawo n'kudikira. Kwa iwe mankhwala ake ndi osavuta n'komwe: utsegule kalendala ija, uthengawo uuchotse kapena uusunthire tsiku lina. Pa Buffer pali ngakhale poimitsira mndandanda wonse kamodzin'kamodzi. Ndi ntchito yosafika pobwatitsa madzi. Koma imafuna munthu wokumbukira zimene analemba, ndipo iwe nditakufunsa panopa kuti mawa m'mawa sitolo yako idzanena chiyani, uyamba wafuna foni.

Tibwerere ku ndalama, poti mukamva zimenezo makutu amatseguka. Wotchera diwa madzulo amalawirira m'mamawa kukaonjola. Akagona mpaka dzuwa litakwera amakapeza mbewa itadyedwa ndi nyerere. Uthenga watuluka 7 koloko. Mayi wina wafunsa ngati nsapato ija ilipo sayizi 6, bambo wina wafunsa mtengo, wina akuti kodi mumatumiza ku Mzuzu. Iwe ukudzuka 10 koloko, ukusamba, ukudzola, ndipo dzuwa litapendeka ukuyankha onse mawu amodzi: bwerani ku inbox. Mayi uja anagula kalekale kwa mnzako amene anayankha pompopompo. Za ku inbox zimenezi tidzakhalirana pansi tsiku lina. Mtengo mumaubisiranji ngati katunduyo si wakuba?

Ndipo landilodi wanu anakuuzani yekha poyera, inu simunamve. Mu Januwale 2018 Zuckerberg analengeza kuti Facebook iziika patsogolo nkhani za abale ndi abwenzi, komanso zimene anthu akukambirana, n'kuchenjezeratu kuti mapeji a malonda azioneka mochepa. Ndiye kuti uthenga umene pansi pake anthu akufunsa n'kumayankhidwa umayenda patali, umene mwini wake wangouponya n'kuthawa umafera pomwepo. Makina amakulangiza ola limene anthu ako amakonda kukhala pa intaneti, ndipo salakwitsa kwenikweni. Chimene sakufunsa n'chakuti ola limenelo iweyo udzakhala uli maso kapena ayi.

Mudzati pali WhatsApp Business, imene inabwera chaka chomwecho cha 2018, yoyankha yokha. Ndinaiona ntchito yake. Usiku wina ndinakulembera kuti msana wandivuta, ndipo yankho linabwera nthawi yomweyo, londithokoza posankha sitolo yanu ndi kunditsimikizira kuti ndine kasitomala wofunika kwambiri. Nditafunsa anandiuza kuti moni wotero umapita kwa mlendo, kapena kwa munthu amene papita masiku 14 musanalemberane. Ndiye makina ako omwewo ndi amene anakuulula kuti unatha masabata awiri osandifunsa kuti ndadzuka bwanji.

Ine kasitomala ndinkamudziwa. Ndinkadziwa kuti uyu mwana wake ali m'chipatala, uyu mwamuna wake ntchito inatha, uyu akunenerera lero si umbombo koma m'chikwama mwaumadi. Ndinkaika basera podziwa kuti mawa abwera ndi mnzake. Zimenezi sizilembedweratu Lamulungu. Ndipo munthu wolemba mauthenga 30 pampando umodzi nzeru zimamuthera pa wachisanu. Otsalawo amangofanana: katundu wafika, musaphonye, katundu wafika, musaphonye, pa Chingerezi chobwereka chimene iweyo suyankhula ngakhale pamaso pa apongozi. Okugula ndi anthu a ku Ndirande, ku Chirimba, ku Machinjiri, ndipo amafuna amve kuti kuseri kwa chithunzicho kuli Naphiri amene amamudziwa, woseka mokweza uja. Lachiwiri kukagwa mvula yosayembekezereka, jambula maambulera pompo uwaike anthu akadali m'makonde a masitolo kuusa mvula. Kalendala idikire.

Palinso tinthu ting'onoting'ono timene kalendala imakupusitsa nato. Moni wa Eid kwa makasitomala ako Achisilamu sungauikiretu tsiku motsimikiza, chifukwa tsikulo limadikira kuti mwezi uoneke. Ukafulumira udzafunira anthu chikondwerero chabwino akadali kusala. Ana a ku Joni amene amagulira amayi awo zitenje kudzera kwa iwe, wotchi yawo ndi yathu ndi imodzi, koma a ku London amatsalira ndi ola limodzi nyengo yawo yotentha, maola awiri nyengo yozizira. Uthenga wako wa 6 koloko m'mawa mu Disembala umawapeza 4 koloko, atafunda mpaka kumutu.

Landilodi mmodzi uja tsiku lina amatsekanso geti. Pa 4 Okutobala 2021 Facebook, Instagram ndi WhatsApp zinazima pamodzi dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi 6, kuno kuchokera chakumadzulo mpaka pakati pa usiku. Ndinakuonani tsiku limenelo, mukuzimitsa ndi kuyatsa mafoni, kukwera pachulu, kutukwana netiweki yosalakwa. Peji ikhozanso kubedwa, kapena kutsekedwa popanda wokufotokozera. Utadzuka mawa itapita, makasitomala ako ungawapeze kuti? Gula kope, ulembemo mayina, manambala, sayizi ya nsapato ya aliyense ndi amene ali ndi ngongole. Langa likadali m'sutikesi, ndipo muli mayina a anthu ena amene lero amandidutsa pagalimoto atakweza magalasi.

Chigamulo changa ndi ichi, ndipo apilo kulibe. Lemberatu, koma za sabata imodzi basi. Za nyengo, za pamene sitolo ili, nthawi yotsegulira, kalipiridwe ka pa Mpamba kapena Airtel Money, mmene wakabaza amaperekera katundu, izo zisiyire makina. Mtengo, ndi katundu wa chimodzichimodzi, uziika ndi dzanja lako tsiku lomwelo, utamugwira n'kutsimikiza kuti alipo. M'mawa uliwonse, usanatsuke m'kamwa, umvere nkhani pawailesi, usuzumire panja ngati pamsewu pali masamba, kenako utsegule kalendala uone chimene sitolo yako ikufuna kunena lero m'dzina la banja lino. Ndipo ola limene uthenga ukutuluka likupeze uli maso, foni ili m'manja. Chindapusa ndi nkhuku imodzi yachikuda, yamoyo, yobwera nayo wekha ndi miyendo yako. Ya pachithunzi sindilandira. Enanu amene mwakhala mukuseka mnzanu, Loweruka mubwere ndi makalendala anu ndidzawaone.